Chingwe cha parachuti ndichimangirire pati pa roketi ya injini ya gulu la mphamvu la H?

Akuluakulu odziwa za maroketi, ndigawireniko nzeru. Ndikupanga roketi ya mainchesi 4 m'mimba mwake yoti ndikayesere Level 1 (chiphaso choyamba choulutsira maroketi amphamvu) ya bungwe la oulutsa maroketi la Tripoli, koma pomangirira chingwe cha parachuti pandiimika mutu. Ena akuti ndiboole centering ring yakumtunda (mphete yogwira chubu cha injini pakati pa roketi) n'kumangapo U-bolt (bawuti yooneka ngati U), ena akuti ndingomata chingwe cha Kevlar (ulusi wolimba wosapsa msanga) pachubu cha injini ndi guluu wa epoxy. Kumatako n'kosavuta ndithu, koma chingwecho chikadzawauka ndi wonga wotulutsa parachuti, ndidzachisintha bwanji chili m'kati momwe dzanja silifika?

China, chingwe cha Kevlar sichitamuka. Ndikuopa kuti chikadzakoka mwadzidzidzi chidzang'amba mlomo wa chubu cha thupi la roketi mpaka m'munsi. Kodi ndilumikizeko nayiloni kumtundaku? Nanga chitalike kangati poyerekeza ndi roketiyo? Amene munaulutsapo, ndithandizeni chonde.