Capture card ikungoonetsa mdima pa PS4, thandizeni

Wa_Chilomoni:
Akuluakulu, ndili ndi PS4 Slim imene timaseweretsa FIFA 23 Loweruka lililonse kushopu kwanga. Anyamata amasonkha kangachepe, wopambana n'kutenga zonse. Ndikufuna ndizijambula mafainolo n'kumaika pa Facebook ndi YouTube, chifukwa mkangano woti chigoli chija chinali cha mwayi umafika mpaka Lachitatu. Achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira capture card (kachipangizo kotengera chithunzi cha gemu kupita pa kompyuta) yotchipa, ija yooneka ngati fulashi, mbali ina HDMI mbali ina USB. Ndailumikiza pa laputopu, pulogalamu yojambulira ya OBS ikuiona ndithu, koma chithunzi ndi mdima wokhawokha. Chingwe chomwecho ndikachiika pa TV zonse zili bwinobwino. Kodi kanthuka kanabwera kakufa kale? Laputopu ndi Core i5 yakale, RAM 8GB.

MkuluWaMawaya:
Sikanafe aise, nthawi zambiri vuto limeneli ndi HDCP. Sony anakhoma chithunzi chotuluka pa HDMI kuti anthu asamakope mafilimu. TV imatha kuchimasula, kachipangizo kanuko ayi. Bwezerani chingwe pa TV kaye, mulowe mu Settings, kenako System, muchotse chithiki pa Enable HDCP. Ikakufunsani zotseka ma app, vomerani. Mungodziwa kuti Netflix ikana kutseguka mpaka mutabwezeretsa chithikicho. A PS3 ndi amene ali pa moto, iwo alibe pozimitsira.

Koma chithunzi chikabwera musasangalale msanga. Kanuko kalibe HDMI yotulukira ku TV, ndiye mudzafuna kusewera mukuyang'ana pa laputopu. Chithunzi cha mu OBS chimafika mochedwa pang'ono, ndipo pa FIFA pang'ono pamenepo ndi pomwe munthu amaphonyera penate. Anyamata amene asonkha ndalama sadzakumverani chisoni. Gulani HDMI splitter yolowa chingwe chimodzi n'kutuluka ziwiri, china ku TV china ku card. Osewera aziona TV, laputopu izingojambula.

Zolembedwa pakatoni zoti 4K musazikhulupirire. Tambiri totereti m'kati ndi USB 2.0, timakwanitsa 1080p pa 30fps (zithunzi 30 pa sekondi) kapena 720p pa 60fps. Pa mpira ine ndimasankha 720p60, mpira ukamauluka suoneka modukizadukiza, komanso i5 yanuyo ipumako.

Nangozo_PS:
Ine ndisiyane nawo pang'ono akuluwa. Achimwene, ngati cholinga n'kungoika fainolo pa Facebook, zingwe zonsezi n'zachiyani? PS4 imajambula yokha. Dinani batani la Share kawiri, iyamba. Mu Sharing and Broadcasts mukhoza kukweza nthawi mpaka mphindi 60. Mukamaliza pitani mu Capture Gallery, mudule poyambira ndi pothera, mukopere pa fulashi. Fulashiyo ikhale yofomatidwa pa exFAT, chifukwa FAT32 imakana fayilo yoposa 4GB. Inde Slim imajambula 720p pa 30fps basi, koma amene adzaonere adzaonera pa foni, ena pa sikirini yosweka. Ndani adzawerenge ma frame?

MkuluWaMawaya:
Achemwali mwanena zoona, Share imagwira ntchito. Koma mpikisano wa pashopu kukoma kwake ndi phokoso la anthu ndi nkhope ya wogonja. Ndi OBS aika kamera pakona, mayina a osewera pansi, maiki pakati pa gulu. Card ali nayo kale, aigwiritse ntchito.

Zingwangwa_FC:
Chimene sanakuuzeni ndi magetsi. Mu OBS, pa Recording Format, sankhani mkv osati mp4 wamba. Mp4 imamalizidwa kulembedwa pamapeto, ndiye laputopu ikazima pakati pa gemu fayilo yonse yapita. Mkv imasunga mpaka pomwe yalekezera. Kwa ine batire la laputopu linatha kalekale, magetsi akangothima zonse zii, ndiye nkhaniyi ndimaidziwa bwino. Mukafuna mp4 yoika pa intaneti, pa File pali Remux Recordings yosinthira mkv kukhala mp4, siitenga nthawi.

Za bando werengani nokha. Pa bitrate (kuchuluka kwa data pa sekondi ya vidiyo) ya 3000 kbps, gemu ya mphindi 15 ndi pafupifupi 340MB, ola lathunthu 1.35GB. Ndiye live iwalani kaye, jambulani, dulani, muike zigoli ndi mapenate okha. Komanso tsitsani nyimbo za mu menu ya FIFA zifike pa 0. Nyimbo zimene zija zili ndi eni ake, YouTube imazizindikira yokha n'kuika claim (chidandaulo cha eni nyimbo) pa vidiyo yanu, Facebook nayo imatha kuzimitsa mawu.

Wa_Chilomoni:
Zatheka akuluakulu, inalidi HDCP, bwalo likuoneka lobiriwira mu OBS. Splitter ndikasaka ku Limbe mawa. Koma ndikalowetsa mahedifoni pa pad, mawu a gemu akusowa mu OBS. Ndikachotsa akubwerera.

MkuluWaMawaya:
PS4 ikutumiza mawu onse ku pad, HDMI ikutsala duu. Gwirani batani la PS, Sound/Devices, pa Output to Headphones musinthe kuchoka pa All Audio kupita pa Chat Audio. Mukafuna kumva gemu m'makutu, mahedifoniwo alowe pa TV. Splitter musankhe yokhala ndi polowetsa magetsi akeake, ndipo muiyesere pomwepo musanalipire.