Kodi buku la Robert Hilburn lonena za Paul Simon ndi loyenera ndalama zake?

Nangozo, Lilongwe

Ndikupempha maganizo kwa onse amene munawerengapo buku lonena za moyo wa woyimba wa ku America Paul Simon, lotchedwa Paul Simon: The Life, limene Robert Hilburn anatulutsa m'chaka cha 2018. Pali bambo wina amene amabweretsa katundu kuchokera ku Johannesburg, ndipo wandiuza kuti angathe kundigulira pa mtengo wa K78,000, kuphatikizapo ya mayendedwe. Ndalama imeneyi si yochepa kwa ine, choncho ndisanapereke ndikufuna kudziwa ngati bukuli limafotokozadi mmene nyimbo zinapekedwera, kapena langodzaza ndi nkhani za maukwati ndi mikangano. Ndikufunanso kudziwa ngati limanena zokwanira za Ray Phiri, amene anayimba gitala m'chimbale cha Simon chotchedwa Graceland, pakuti bambo ake anali ochokera kuno ku Malawi.

Gama wa ku Zingwangwa

Achemwali, musapereke ngakhale tambala imodzi musanaligwire bukulo m'manja mwanu. Ine ndinatumiza K45,000 kwa munthu amene amalengeza mabuku pa intaneti, ndipo chithunzi chimene anandionetsa chinali cha buku lenileni la chikuto cholimba. Chimene chinafika pa basi chinali fotokope yomatidwa ndi guluu, masamba ake otuwa ndi opyapyala moti malemba a kuseri ankaonekera, ndipo zithunzi za pakati zinali madontho akuda okhaokha, osazindikirika kuti uyu ndi Simon kapena Garfunkel, mnzake amene ankayimba naye. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti masamba angapo a chigawo cha Graceland panalibe, nkhani inangodumpha kuchoka pa ulendo wa ku Johannesburg n'kufika pa kulandira mphoto. Nditamuimbira anandiyankha kuti mabuku onse masiku ano amabwera choncho, kenako foni yake inasiya kupezeka mpaka lero.

Mbewe, Manchester

Pepani kwambiri a Gama, koma vuto limenelo limabwera chifukwa chofuna zotchipa. Ine ndinagula langa la chikuto cholimba sabata imene linatuluka, ndinalipira £20 m'sitolo yeniyeni, ndipo lili pa shelefu pamodzi ndi buku la Hilburn lonena za Johnny Cash la 2013 komanso limene woyimba Bob Dylan analemba yekha la 2004. Ndinalipo ku Hyde Park, mumzinda wa London, mu July 2012 pamene Simon anayimbanso nyimbo za Graceland ali ndi Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo, ndipo ndinabwererakonso mu 2018 pa ulendo wake wotsanzikana. Munthu amene anaona zimenezi ndi maso ake amawerenga bukuli mosiyana ndi amene anangomva pa wailesi. Gulani, achemwali, mtengo wakewo ndi wabwinobwino.

Gama wa ku Zingwangwa

A Mbewe, K45,000 si yotchipa kwa munthu wolandira malipiro m'makwacha, makamaka kuchokera pamene ndalama yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Funso la achemwaliwa simunaliyankhe.

Nachisale, Leicester

Mtengo wa £20 umene a Mbewe akutchula ndi wa kale. Ine ndinalipeza m'sitolo ya kaunjika ya bungwe lothandiza anthu pa £2.50, la chikuto chofewa, lopanda chilema china kupatula kupindika pang'ono pa ngodya. Mabuku a oyimba amadzaza m'masitolo amenewa chaka chikangoyamba, chifukwa anthu amapatsana ngati mphatso za Khirisimasi kenako n'kuwataya osawerenga. Komabe, ngati chimene mukufuna ndi Ray Phiri, ndikulangizani kuti muyambe ndi filimu ya Under African Skies ya 2012, imene anakonza Joe Berlinger. M'menemo Simon akubwerera ku South Africa patatha zaka 25 chitulukireni Graceland, akukumananso ndi oyimba a m'chimbalecho, ndipo akukhala pansi ndi Dali Tambo, mwana wa Oliver Tambo wa chipani cha ANC. Daliyo anali mmodzi mwa anthu amene anatsutsa Simon kwambiri chifukwa chokajambula nyimbo ku South Africa pa nthawi ya tsankho. Mumva mawu a anthuwo kuchokera m'kamwa mwawo, ndipo mungowononga ya bandulo basi.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Mayi Nangozo, ndiyese kuyankha zimene mwafunsa, popeza ndinawerenga bukuli lonse, komanso lina limene Peter Ames Carlin analemba mu 2016 lotchedwa Homeward Bound.

Pa funso la mmene nyimbo zinapekedwera, buku la Hilburn ndi lolemera ndithu. Mlembiyu anali mtolankhani wa nkhani za nyimbo ku nyuzipepala ya Los Angeles Times kwa zaka zoposa 30, ndipo Simon anamulola kucheza naye kwa maola oposa 100. Zotsatira zake n'zakuti wowerenga amamva mwini nyimbo akufotokoza yekha chimene ankafuna pa ndime iliyonse. Nkhani imene imandigwira mtima ine ndi ya The Sound of Silence. Nyimboyi inatuluka koyamba mu 1964 ili ndi mawu awiri ndi gitala wamba, chimbale chimene inalimo sichinagulidwe kwenikweni, ndipo Simon anapita ku England kukayimba m'timakalabu ta chamba cha folk. Mu 1965 wojambula nyimbo Tom Wilson anatenga tepi ija n'kuwonjezerapo gitala yamagetsi, besi ndi ng'oma popanda kuwauza eni ake, Simon ndi Garfunkel, ndipo pofika mu January 1966 nyimboyo inali pa nambala wani ku America. Kusintha kwa anyamata awiri aja kuchoka ku folk kupita ku rock kunachitika iwo kulibe, ndipo munthu akadziwa zimenezi amaimvera nyimboyo ndi khutu lina, n'kuyamba kuzindikira malo amene ng'oma ikuvutika kutsatira liwiro la oyimba.

Pa funso la Ray Phiri, apa ndi pamene ndikukayikira ngati mudzakhutira. Mfundo zikuluzikulu zilimo: kuti Simon anapita ku Johannesburg mu February 1985 atakopeka ndi kaseti ya nyimbo za m'makomboni, kuti anapita ndi katswiri wake wa makina Roy Halee, kuti analipira oyimba katatu kuposa mlingo wa ku New York, ndiponso kuti anadzudzulidwa chifukwa bungwe la United Nations linali litapempha oyimba a dziko lonse kuti anyanyale South Africa pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Koma nkhaniyo ikukambidwa kuchokera ku mpando wa Simon. Ray Phiri anali kale mtsogoleri wa gulu lotchuka la Stimela, ndipo pambuyo pake anadandaula poyera kuti dzina lake silinalembedwe pakati pa opeka nyimbo ngakhale kuti kalizidwe ka gitala yake ndi kamene kananyamula nyimbo zingapo m'chimbalecho. Gulu la Los Lobos linadandaulanso chimodzimodzi pa nyimbo yomaliza ya chimbale chomwecho. Kalekale Martin Carthy wa ku England anakhala wokhumudwa kwa zaka zambiri chifukwa cha kayimbidwe ka Scarborough Fair kamene Simon anaphunzira kwa iye, mpaka anadzayanjana mu 2000. Dandaulo likamabwerezedwa ndi anthu osiyanasiyana chotere, wowerenga amafuna mlembi wolifufuza mozama, ndipo m'maganizo anga Carlin, amene Simon sanagwirizane naye pa ntchito yake, ndiye analimba mtima kwambiri pa mbali imeneyi. Pa bwalo la amfumu mlandu sagamula atangomva mbali imodzi, n'chifukwa chake ndimati mabuku awiriwa amafunika onse.

Mbewe, Manchester

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, Carlin analemba za munthu amene sanakhale naye pansi, ndiye ine sindingawononge ndalama pa buku lotero. Komanso Joseph Shabalala analembedwa ngati wopeka nawo Homeless ndi Diamonds on the Soles of Her Shoes, ndipo Forere Motloheloa wa ku Lesotho analembedwa pa The Boy in the Bubble. Munthu wofuna kuba sakanalemba mayina amenewa.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Zimene mwanenazo n'zoona, a Mbewe, ndipo palibe amene watchula za kuba. Funso ndi lakuti malire pakati pa woyimba chida ndi wopeka nyimbo ali pati, makamaka pamene nyimbo zinayamba ngati kuyimba kongoyeserera m'situdiyo, mawu n'kudzaikidwa pambuyo pake ku New York. Bakithi Kumalo analiza besi imene aliyense amaikumbukira mu You Can Call Me Al, ndipo theka lachiwiri la kachigawo kotchuka kaja ndi theka loyamba lomwelo lozunguliridwa chobwerera pa tepi. Ameneyo timutcha wopeka kapena wolembedwa ganyu? Buku limene mwini nkhani analivomereza silingakhalitse pa funso lotere.

Banda, Mbare

Ine ndinabadwira kuno ku Harare, makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kale dziko lisanalandire ufulu. Ndinali m'gulu la anthu amene anadzaza bwalo la Rufaro mu February 1987 kudzaonera Simon akuyimba nyimbo za Graceland. Miriam Makeba ndi Hugh Masekela sakanatha kuponda kwawo pa nthawi imeneyo, choncho msonkhano wa nyimbowo unachitikira kuno, ndipo anthu ambiri anawoloka malire kuchokera ku South Africa kudzaonera. Ray Phiri anali kutsogolo ndithu, akuvina ndi miyendo yake yofewa ija uku gitala ili pa chifuwa, ndipo m'dera limene tinaima ife, akuluakulu a kwathu ankakodolana n'kumanena kuti mwana wa kumudzi uyo. Pomaliza onse anayimba Nkosi Sikelel' iAfrika, anthu atakweza zibakera m'mwamba. Bukulo sindinaliwerenge ndipo sindikuganiza kuti ndidzaligula, chifukwa kuno mabuku otere amagulitsidwa m'madola a ku America, ndipo amene ndinamufunsa ananditchulira $35.

Nachisale, Leicester

$35 ndi mtengo woposa umene linatulukira lili latsopano. Musalole zimenezo, bambo Banda.

Chisale wa ku Chileka

Ndikudabwa kuti tonse tikukangana za ndalama zokwana thumba la chimanga ndi zina pamwamba kuti tiwerenge za woyimba wa ku New York, pamene Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald anakulira pano pa Singano ndipo ambiri a ife tilibe tsamba ngakhale limodzi lonena za iwo. Gerhard Kubik wa ku Austria analemba za gulu lawo m'kabuku kamene kanasindikizidwa mu 1974 kudzera ku sukulu ya ukachenjede ya Zambia, koma yesani kukafunafuna m'masitolo a mu Blantyre muone ngati mukakapeze. Allan Namoko anayimba banjo moyo wake wonse ali wosaona, ndipo nyimbo zake zinkamveka pa wailesi m'nyumba iliyonse. Ngati pali K78,000 yoti iwonongedwe, ine ndingakonde ipite kwa wophunzira amene akujambula mawu a okalamba amene anayimba ndi anthu amenewa, iwo adakali moyo.

Gama wa ku Zingwangwa

Zimenezo n'zabwino, a Chisale, koma sizindibwezera ndalama yanga. Ngati pali amene ali ndi buku lenileni muno mu Blantyre, ndikupempha andibwereke kuti ndiwerenge masamba amene anasowa aja.

Phiri, Randburg

Achemwali a Nangozo, munthu wanuyo akuwonjezera kwambiri. Kuno la chikuto chofewa ndinaliona pa R320, ndipo m'masitolo a mabuku akale limatsika kuposa pamenepo. Ndikuwonjezereni kuti Ray Phiri anabadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit, kumene tsopano kumatchedwa Mbombela, ndipo anamwalira mu July 2017 atadwala khansa ya m'mapapo. Bambo ake ankadziwika ndi dzina lakuti Just Now Phiri ndipo nawonso ankaliza gitala. Amene akufuna kumudziwa bwino ayambe ndi zimbale za Stimela za m'ma 1980, chifukwa m'menemo ndi mmene akuyankhula ngati mwini nyumba.

Mbewe, Manchester

R320 ndi ya chikuto chofewa, chimene chimathothoka masamba mukangoliwerenga kawiri. Buku loti lisungidwe liyenera kukhala la chikuto cholimba.

Nangozo, Lilongwe

Zikomo nonse. Ndabwerera kwa bambo uja ndi mtengo umene a Phiri atchula, ndipo watsika kufika pa K60,000, koma akuti ndipereke theka asananyamuke, zimene sindichita nditamva za a Gama. Aphunzitsi, ngati ndingakwanitse buku limodzi lokha chaka chino, ndiyambe ndi liti?

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Ngati mumaliza gitala kapena mumapeka nyimbo, yambani ndi la Hilburn. Ngati mtima wanu uli pa oyimba a ku Johannesburg, la Carlin ndi limene lingakuthandizeni, ngakhale kuti nalonso ndi buku lonena za Simon, osati za iwo. Mdzukulu wanga amabwera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi, ndipo ndingathe kumupatsira la Carlin kuti mubwereke, bola mudzalibweze lili ndi chikuto chake.

Mbewe, Manchester

Ine ndikadali pa mawu anga oyamba aja: gulani la Hilburn, la chikuto cholimba.