Zaka 70 za Agogo: ulendo wa ku Naxos

Bambo a Tadala: Moni nonse. Tinamvana kuti zaka 70 za Amayi tikadyere limodzi kugombe ku Greece, koma chilumba sitinasankhe. Ine ndikuti Naxos. Tilipo 11, akulu 7 ndi ana 4, ndipo posankha tiyang'ane anthu awiri: Amayi ndi maondo awo, komanso kamwana ka Chisomo ka zaka 5.

Chisomo: Amalume, nanga Santorini? Zithunzi zonse za nyumba zoyera zija ndi za kumeneko.

Bambo a Tadala: Santorini ndi ya zithunzi, si ya kusamba. Nyumba zoyerazo zili pamwamba pa phompho, kulikonse ndi masitepe. Magombe ake monga Kamari ndi Perissa ndi a mchenga wakuda ndi timiyala ta chiphalaphala. Masana umatentha moti mwana sangaponde wopanda nsapato, ndipo madzi sachedwa kuya. Mykonos ili ndi mchenga wabwino koma mitengo yake ndi ya anthu ena, osati ife. Naxos ndi chilumba chachikulu kuposa zonse m'gulu la zilumba lotchedwa Cyclades, mchenga wake ndi woyera wofewa, ndipo magombe andandalikana kumadzulo kuyambira m'tauni momwemo.

Mayi a Tadala: Ndiwonjezere za magombewo. Agios Georgios ili m'mphepete mwa tauni ya Chora, kuchokera padoko ndi ulendo wapansi. Madzi ake ndi osaya, munthu amayenda kamtunda ndithu asanafike m'chiuno. Ana ndi Agogo malo awo ndi amenewo. Kummwera kwake kuli Agios Prokopios, kenako Agia Anna, kenako Plaka, lomwe ndi gombe lalitali pafupifupi makilomita 4. Ku Prokopios madzi ndi oyera kwambiri koma kumaya msanga kuposa ku Georgios, ndiye kamwanako asakasiye kokha.

Mayi a Chisomo: Alamu, madziwo ndi ofanana ndi a ku Salima?

Mayi a Tadala: Ayi alamu, ndi amchere. Amakunyamulani mosavuta kuposa a kwathu, koma amawawa m'maso, ndipo mwana akameza ambiri amasanza. Mugule timagalasi tosambira. Ubwino wake kulibe likodzo, ng'ona kapena mvuu. Choopa ndi tizilombo takuda ta minga tonga kanungu timene timamatirira pamiyala. Mukaponda, minga imathyokera m'phazi ndipo kuichotsa ndi ntchito. Pamchenga sitipezeka kwenikweni, koma ana akhale ndi nsapato za m'madzi chifukwa miyala ndi imene imawakoka.

Malume a ku Joni: Achimwene, nkhani ya mphepo musaibise.

Bambo a Tadala: Sindikubisa. Mu Julayi ndi Ogasiti kumawomba mphepo yotchedwa meltemi, yochokera kumpoto, ndipo ikayamba imatha masiku angapo. Amene mukudziwa mwera muganize zoterozo. Nthawi zambiri imakula masana n'kuchepa madzulo. Ikamawomba mchenga umakwapula miyendo ndipo maambulera amauluka. Chothandiza ndi kusankha gombe malinga ndi tsiku. Agios Prokopios inabisala kuseri kwa phiri la Stelida, ndiye tsiku la mphepo n'kopita kumeneko. Kugombe la Mikri Vigla mbali ya kumpoto n'kwa anthu osewera ndi mphepo pamadzi, kumeneko ife tikangoonerera.

Malume a ku Joni: Ndipo tsiku la mphepo ana asalowe m'madzi ndi zoyandamira zopopa zija. Mphepo imakankhira kutali, mwana pomwe mukucheuka ali uko.

Chisomo: Ndiye bwanji osapita Seputembala mphepo itachepa?

Mayi a Tadala: Tikadatero, chifukwa mu Seputembala madzi amakhala atafunda, cha m'ma 24 digiri, anthu atachepa, mitengo itatsika. Koma sukulu za kuno ku Britain zimatsegula kumayambiriro kwa Seputembala. Chotheka ndi sabata yomaliza ya Ogasiti. Masiku ozungulira 15 Ogasiti tiwapewe. Limenelo ndi tsiku lalikulu la Maria Virigo ku Greece, anthu a ku Athens onse amathamangira kuzilumba, sitima zimadzaza, zipinda zimasowa.

Mayi a Chisomo: Sabata yomaliza ya Ogasiti kuno ana amakhala ali patchuthi. Zatheka. Tsopano za viza, chifukwa n'zimene zikundisowetsa tulo.

Malume a ku Joni: Achemwali, lembani penapake. Greece ili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi. Pasipoti ya Malawi ikufunika viza, kaya munthu amakhala ku Lilongwe kapena kuno. A ku Leeds anayi, banja la Bambo a Tadala, ali ndi mapasipoti a Britain, iwo safunika. Ofunika viza tilipo 7: Amayi, inu, Chisomo, ana awiri, ine ndi mayi akunyumba. Mtengo ndi ma euro 90 munthu wamkulu, 45 mwana wa zaka 6 mpaka 11, ndipo wosakwana zaka 6 salipira. Akulu 5 ndi 450, kuphatikiza 45 ya mwana wa zaka 9, yonse 495. Kampani yolandira mafomu imawonjezera yake pamwamba.

Malume a ku Joni: Pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ndipo ikhale ikugwirabe ntchito miyezi 3 kuchokera tsiku lotuluka ku Greece. Inshuwalansi ya chipatala ikhale yosachepera ma euro 30,000 ndipo ikwanire masiku onse, ndi tsiku lobwerera lomwe. Ambiri amagwa apa, amagula ya masiku 7 ulendo uli wa masiku 9. Ya Amayi idzakwera mtengo chifukwa cha msinkhu, ndipo matenda amene ali nawo kale muwatchule pogula. Mukabisa, tsiku la vuto kampani idzakana kulipira.

Mayi a Chisomo: Nanga tiyambe liti?

Malume a ku Joni: Amalola kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike, ndiye kumapeto kwa Febuluwale khomo latseguka. Yankho limatenga masiku 15, koma lamulo limawalola kufika 45. Ife tipereke mu Epulo. Aliyense amapereka ku ofesi ya viza yoyang'anira dziko limene amakhala, ndipo munthu amapita yekha kukadinda zala, kupatula ana osakwana zaka 12. Chisomo, ana akufunika zikalata za kubadwa ndi kalata yosainidwa ya bambo awo yovomereza ulendo, popeza iwo sakupita.

Bambo a Tadala: Pa masitetimenti a kubanki chonde musachite zoponya ndalama zambiri mu akaunti sabata imodzi musanapereke mafomu. Amayang'ana mayendedwe a miyezi ingapo, ndipo ndalama yongotulukira imawakayikitsa. Za Amayi ndilemba kalata yoti wolipira ndine, ndi mapepala anga a kuntchito. Achemwali mutenge kalata ya kuntchito yonena tsiku lobwerera pantchito. Chimene amafuna kuona n'choti muli ndi chokubwezani kumudzi.

Chisomo: Ndalama zakunja kuzipeza kubanki kuno mukudziwa mmene zilili.

Mayi a Tadala: N'chifukwa chake nyumba ndi sitima tilipira ife kuno ndi khadi, inu mubweze m'makwacha ku thumba la banja. Nyumbayo tisungitse yoti tikhoza kuileka osataya ndalama, mpaka maviza atatuluka. Matikiti a ndege osabwezedwa asagulidwe viza isanatuluke.

Mayi a Chisomo: Kayendedwe?

Bambo a Tadala: Tonse tikumane ku Athens. Inu muchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ife kuchokera ku London ndi maola osakwana 4. Naxos ili ndi bwalo laling'ono la ndege, kumatera tindege ta mapiko ozungulira tochokera ku Athens, mphindi ngati 40. Mipando ndi yochepa ndipo katundu amamuyeza mosanyengerera, anthu 11 sitingadalire zimenezo. Tikwera sitima ya pamadzi padoko la Piraeus. Sitima ya pansi pa nthaka, mzere wa 3, imachoka pabwalo la ndege mpaka ku Piraeus osasintha, ulendo wa ola limodzi. Usiku pali basi ya X96.

Malume a ku Joni: Sitima zilipo mitundu iwiri. Yaikulu ya Blue Star imatenga maola 5 ndi pang'ono. Zothamanga monga za SeaJets zimadula ola limodzi kapena kuposerapo, koma n'zokwera mtengo, mumakhala otsekeredwa mkati, ndipo meltemi ikamawomba zimadumphadumpha mpaka nseru. Mphepo ikakula ndi zimene zimayamba kuimitsidwa. Ndi Amayi tikwere yaikulu. Tigule mipando ya manambala, chifukwa tikiti yotsika kwambiri ilibe mpando wanuwanu, ndipo mu Ogasiti mupeza anthu atagona m'makonde ngati mu Ilala.

Malume a ku Joni: China, sitimayo sichedwa padoko. Imayamba yaima pachilumba cha Paros, pamenepo tisatsike. Akalengeza Naxos, tonse titsikire pansi pamene pali magalimoto, aliyense atenge chikwama chake chitseko chisanatseguke. Mmodzi agwire Amayi, Chisomo agwire ana. Pamakhala kukankhana, magalimoto akutuluka, ena akulowa kale.

Bambo a Tadala: Pobwerera tigone ku Athens usiku umodzi. Kukwera sitima tsiku lomwelo la ndege ya ku Addis ndi kutchova juga. Sitima ikaimitsidwa ndi mphepo, kampani ya ndege siimva zimenezo.

Chisomo: Ndiye masiku ake ndi 9: umodzi ku Athens popita, 7 ku Naxos, umodzi pobwera?

Bambo a Tadala: Eya, mausiku 9. Inshuwalansi ikhale ya masiku 11 kuti tisapereweze.

Mayi a Tadala: Pogona ndikufuna nyumba ziwiri kapena zitatu zoyandikana zokhala ndi khitchini, ku Agios Georgios. Ya Agogo ikhale yapansi. M'kati mwa tauni yakale musakopeke ndi zithunzi, tinjira take ndi topapatiza, ta masitepe, galimoto silowa, ndipo chikwama mudzasenza pamutu. Pali msonkho wa boma umene amalipiritsa pa chipinda usiku uliwonse, ndipo kawirikawiri umaperekedwa pamalopo, osati posungitsa. Tisadzadabwe.

Mayi a Chisomo: Ufa ndinyamule? Amayi masiku 9 opanda nsima sangapirire.

Mayi a Tadala: Nyamulani makilogalamu 3 m'paketi ya m'sitolo yosatsegula, ndi mthiko. Usipa wouma ndi wololedwa, lamulo limalola nsomba mpaka makilogalamu 20 munthu mmodzi, koma muumange bwino zovala zinganunkhe. Nyama, soseji, mkaka ndi tchizi ayi, kaya kuchokera ku Malawi, ku Joni kapena kuno ku Britain, amalanda. Ndiwo sizidzasowa. Naxos ndi chilumba cha alimi, chimatchuka ndi mbatatesi zake ndi tchizi ya graviera, ndipo nyama ya mbuzi ndi nkhosa ndi ya pomwepo. Ku lesitilanti nsomba yaiwisi amagulitsa pa kilogalamu. Muuzeni woperekera ayeze kaye anene mtengo asanaotche, apo ayi bilu idzakuthetsani mawu. Madzi akumwa tizigula a m'mabotolo.

Mayi a Tadala: Chimodzi chimene anawa auzidwe tisananyamuke: mapepala a kuchimbudzi saponya m'chimbudzi, amaponya m'kabini kapambali. Mapaipi awo ndi aang'ono, amatsekeka.

Chisomo: Zimenezo mukawauze Agogo ndinu, ine ayi.

Malume a ku Joni: Galimoto sitikufunika sabata yonse. Mabasi amachoka pafupi ndi doko kupita ku Prokopios, Agia Anna ndi Plaka pafupipafupi m'chilimwe. Tibwereke magalimoto tsiku limodzi lokha, lopita kumidzi ya kumapiri: Halki, Filoti pansi pa phiri la Zas lomwe ndi lalitali kuposa onse a ku Cyclades, mamita opitirira 1,000, ndi Apeiranthos, mudzi wa tinjira ta miyala ya mabo. Amayendetsa kudzanja lamanja, osati lamanzere ngati kwathu, ndipo misewu yake ndi yokhotakhota. Laisensi ya Britain amailandira, ya Malawi imafuna chiphaso choyendetsera kunja. Ambiri mwa magalimoto ndi a giya, ofuna otomatiki asungitse msanga.

Bambo a Tadala: Tsiku lenileni la Amayi madzulo tikaonere dzuwa likulowa pa Portara, chipata chachikulu cha mwala wa mabo cha kachisi wa Apollo, mulungu wa Agiriki akale, amene anayamba kumangidwa zaka zoposa 2,500 zapitazo n'kusamalizidwa. Chili pakachilumba kolumikizidwa ndi doko, kulowa n'kwaulere. Pali kachitunda pang'ono, ndipo mphepo ikakula mafunde amathira madzi panjirapo, ndiye Amayi avale nsapato zosaterera. Chithunzi chako cha Santorini chidzakhala chimenecho, Chisomo.

Agogo: Ana anga ndamva zonse. Lamulungu ndikapemphera kuti?

Bambo a Tadala: Amayi, anthu ambiri kumeneko ndi a mpingo wa Orthodox, koma Naxos ili ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika pamwamba pa tauni yakale, pamalo otchedwa Kastro. N'chotsalira cha anthu a ku Venice amene anayamba kulamulira chilumbachi m'ma 1207. Pokwera pali masitepe, tidzanyamuka msanga n'kumapuma m'njira. Mankhwala anu akhale m'kachikwama ka m'manja, m'mabokosi ake, ndi kalata ya dokotala. Chipatala cha boma chili m'tauni momwemo, ndipo nambala ya ngozi ndi 112.

Mayi a Chisomo: Ndaona pa intaneti kuti ku Plaka anthu ena amasamba osavala. Zoona?

Mayi a Tadala: Zoona alamu, mbali zina zakutali kuseri kwa milu ya mchenga. Ife tidzakhala koyambirira kumene kuli mabanja. Mipando ya pagombe ndi yolipira, koma gombe ndi la aliyense, kuyala chitenje pamchenga palibe angakuletseni. Mafuta oteteza kudzuwa mugule, mphepo imanamiza ngati kukuzizira khungu likupsa, ndi lathu lomwe. Kuyambira 12 koloko mpaka 4 ana akhale pamthunzi.

Malume a ku Joni: Mapulagi awo ndi a mano awiri ozungulira, athu sakalowa. Banja lililonse litenge adapta imodzi ndi ekisitenshoni. Nthawi ya ku Greece m'chilimwe ili patsogolo ndi ola limodzi pa ya Malawi ndi ya kuno, maola awiri pa ya Leeds.

Bambo a Tadala: Usiku uno aliyense ajambule tsamba la chithunzi la pasipoti anditumizire pandekha, osati pagulu pano.

Chisomo: Amalume, ndayang'ana ya Agogo. Ikutha mu Okutobala.

Malume a ku Joni: Siikwana miyezi 3. Achemwali, Lolemba muwaperekeze ku Immigration akayambe za yatsopano, mafomu a viza adikire imeneyo.