Zotsatira za funso la mayi a ku Luchenza: kuyenda kulipo, sikelo siikutsika

Mwezi watha mayi ena a ku Luchenza anafunsa chifukwa chake thupi silikuchepa ngakhale amayenda ndawala ola lathunthu m'mawa uliwonse. Tinawapempha alembe zonse zimene akudya kwa masabata awiri. Alemba, ndipo pamene pagona vuto paoneka.

Mayi, kuyendako musasiye. Koma munthu wolemera makilogalamu 80 akayenda ndawala ola limodzi amawotcha makalori (muyezo wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya) pafupifupi 300 basi. Inu mukabwerako mukumwa makapu awiri a tiyi, kapu iliyonse masipuni aang'ono atatu a shuga: amenewo ndi makalori pafupifupi 100. Kenako peyala lathunthu. Mapeyala akuluakulu a kuno ku Thyolo ndi chakudya chabwino ndithu, koma limodzi lingapitirire makalori 400. Zimene munawotcha zabwerera nthawi ya nsima isanakwane.

China ndi mafuta ophikira. Sipuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo amene amathira kuchokera m'botolo sadziwa kuti wathira angati. Muziyeza ndi sipuni.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, choncho mukachepetsa 500 patsiku mudzatsika pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Shuga akhale sipuni yaing'ono imodzi pa kapu, peyala theka, nsima mitanda iwiri m'malo mwa itatu, ndiwo zamasamba ndi nandolo kapena usipa zichuluke. Musamadzimane chakudya chamasana. Njala yake imadzakudyetsani mopitirira madzulo.

Muzikwera sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye. Ngati mumamwa mankhwala a shuga, kaonaneni ndi adokotala musanachepetse chakudya, chifukwa shuga angatsike kwambiri.