Outlander PHEV kapena RAV4 PHV? Kasitomala akufuna yankho Lachisanu

Woitanitsa wa ku Area 4: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi kasitomala, mayi a bizinesi, amakhala ku Area 47, ofesi ili ku City Centre, kamodzi pa mwezi amapita ku Blantyre. Atopa ndi mizere ya mafuta, akuti akufuna SUV yotchaja pa soketi koma ikhalenso ndi injini. Pakhomo ali ndi sola. Pa okushoni ndapeza zitatu: Outlander GG2W ya 2015 yotchipa bwino, Outlander GG3W ya 2019 ya injini ya 2.4, ndi RAV4 PHV ya 2020 imene ikumeza ndalama yonse mpaka ya dyute. Pa pepala RAV4 ili ndi batire la 18.1 kWh, GG3W 13.8, yakaleyo 12. Funso lawo ndi limodzi, ndalama yawo igwira ntchito pa iti? Forex yapezeka movutikira, TT (kutumiza ndalama ku Japan kudzera ku banki) ipite Lachisanu. Za Prado musayambe chonde.

Mdala wa ma Toyota: Mwana wanga, asiye za mapulagizi. RAV4 hybrid wamba, kapena Harrier. Athira mafuta, anyamuka. Sipeya ali mbwee.

Woitanitsa wa ku Area 4: Mdala, mafutawo ndi amene akuthawa.

Makaniko wa ku Biwi: Achimwene ma kWh mwalembawo ndi a tsiku limene galimoto inatuluka mu fakitale. Chimene mukugula ndi batire lomwe latsala. Pa Outlander uzani wa ku Japanyo aike OBD (kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto), atsegule app ya PHEV Watchdog, akutumizireni chithunzi cha ma Ah, nambala yoonetsa moto umene batire lingasunge. GG2W ikakhala yatsopano ndi 40 Ah, GG3W ndi 46. Za 2015 zomwe zabwera pa galaja panga zambiri zinali m'ma 20. Ikafika pamenepo mwagula galimoto ya petulo imene yasenza batire lolemera basi. Komanso musamangokhulupirira chithunzi. Alipo amene amapanga reset ya BMU (kompyuta ya batire), nambala imakwera ngati batire ndi lanyowani, kasitomala akayenda milungu ingapo imagwa kubwerera pomwe inali. Mukaona GG2W ya zaka zambiri ikuonetsa pafupi ndi 40, thawani. Ine ya 2015 ichotseni pa mndandanda.

Ejenti wa ku Songwe: Ndikugwirizana nazo, yakaleyo idzakupwetekaninso ku msonkho chifukwa zaka zimawerengedwa limodzi ndi kukula kwa injini. Kutchipa kwake kumathera pa boda. Ndipo zilizonse mungasankhe, muuze dalaivala wa ku Dar anyamule batire la 12V. Galimoto izi zikakhala nthawi yaitali pa sitima kabatire kakang'onoko kamafa, galimoto siliza, READY sayaka pa dashibodi ngakhale lalikulu lili ndi moto. Ina inatikanira pa doko, anyamata aja anailumikiza mosemphanitsa mawaya, fyuzi yaikulu inapsa, inafika pa Songwe ili pamsana pa lole. Mwini wake anali atauza kale azibale ake kuti akubwera nayo pa chinkhoswe ku Rumphi. Analowa pa minibasi.

Mdala wa ma Toyota: Mwamva? Hybrid wamba sizimachita zimenezo.

Makaniko wa ku Biwi: Zimachita mdala, nazonso zili ndi 12V yomweyo.

Chemwali wa zamagetsi: Palibe amene wafunsa kuti mayiwo azitchaja nthawi yanji. Sola imagwira masana, masanawo galimoto ili ku City Centre. Usiku ikafika pakhomo iyamba kukoka m'mabatire a nyumba. Chaja ya 10 amps pa 230V ndi 2.3 kW, kwa maola asanu kapena kuposerapo. Afunseni inveta yawo ndi yaikulu bwanji, mabatire ndi angati. Ambiri amati tili ndi sola pomwe ndi yoyatsira mababu, TV ndi firiji. Ngati ndi imeneyo ndiye kuti adalira magetsi a mita, ndipo tsiku lomwe athima usiku wonse m'mawa ayendera petulo.

China, waya wotchajira umene umabwera m'buti ndi wa 200V ya ku Japan, pulagi yake si yathu. Anthu amangodula n'kulumikiza ya mano atatu. Musachite. Gulani chaja ya Type 1 (pulagi yolowa m'galimoto za ku Japan) yolembedwa 230V, soketi yakeyake yochokera pa DB (bokosi la ma buleka a nyumba), earth yeniyeni. Ndinaitanidwa nyumba ina ku Namiwawa, bambo ankatchajira pa ekisitenshoni ya pa msika yodutsa pa zenera la kukhitchini. Inasungunuka mpaka kumatirira pa matailosi.

Woitanitsa wa ku Area 4: Chemwali zamveka. Koma iwo amva kuti galimotoyi imatha kuyatsa nyumba magetsi akathima, ndiye chawakopa kwambiri.

Chemwali wa zamagetsi: Soketi ya m'galimotomo ndi 1500W inde, koma ndi 100V. Firiji yawo ndi ya 230V. Pafunika thiransifoma pakati, ndipo asayerekeze kulowetsa pa DB ya nyumba. Muwauze lero, asadzakuyimbireni usiku.

Wa car hire ku Blantyre: Ine ndiyankhe funso lenilenilo poti enanu mwangoopseza. Ziwirizi zimasiyana pa msewu wautali. Outlander ilibe giyabokosi, pa liwiro lochepa injini imangopanga magetsi, ma mota awiri ndi amene amakoka, injini imagwira matayala mukathamanga. M'tauni ndi yokoma kwambiri. Koma batire likatha musanafike pa Nathenje, kuyambira pamenepo mpaka Dedza, Ntcheu, Zalewa imamwa ngati SUV ina iliyonse, ndipo thanki ndi malita 45 okha. RAV4 batire likatha imasanduka hybrid ya Toyota ya 2.5, imamwa pang'ono, thanki malita 55, mphamvu 306 PS. Ku Japan anailemba 95 km pa magetsi okha, GG3W pafupifupi 60, kuno ndi AC chotsanipo ndithu. Koma Area 47 kupita City Centre n'kubwerera, zonse ziwiri zikwanitsa popanda injini kuyaka. Ndiye ndalama yowonjezerayo akulipirira ulendo umodzi wa pa mwezi. Ine ndikanatenga GG3W ya batire labwino, chenji n'kukulitsa sola.

Mdala wa ma Toyota: Nanga pogulitsa? Zaka zitatu zikubwerazi ndani adzagula Mitsubishi yotchaja? Mwaona nokha, batire likatha imasanduka hybrid wamba. Ndiye bwanji osangogula hybrid wambayo poyamba? Ndakhala ndikunena.

Wa car hire ku Blantyre: Pa nkhani yogulitsa mdala simukunama, Toyota sigona pa yadi. Koma mayiwo akufuna kudutsa pa mzere wa mafuta osaima.

Makaniko wa ku Biwi: Adzaimabe, pang'ono. Outlander ikakhala miyezi itatu osathiridwa malita 15 kapena kuposa, imayatsa yokha injini kuti petulo wakale athe. Wina anabwera akulira kuti yawonongeka, EV (kuyendera magetsi okha) ikukana, kumene inali ikungofuna mafuta atsopano. Ndi petulo wathu wosakaniza ndi ethanol uyu, sindingafunenso kuti azigona m'thanki nthawi yaitali.

Ndipo AC asamapite nayo kwa anyamata odzaza gasi m'mbali mwa msewu. Kompresa ndi ya magetsi, oilo wake ndi wina, pa Toyota ndi ND-11. Akaikamo oilo wamba wa PAG mudzaona fault ya insulation, galimoto osayaka. AC yomweyo ndi imene imaziziritsa batire, ndiye ikafa musanene kuti tingotsegula mazenera. Makamaka ngati amatsikira ku Nchalo mu Okutobala.

Ejenti wa ku Songwe: Sipeya tayala mulibe mu Outlander, muli kabotolo ka guluu ndi pampu. Ndi maenje a pa M1 muikepo tayala pa kotesheni. Batire lili kunsi, dalaivala asamadumphe ma hampu.

Woitanitsa wa ku Area 4: Ndawalembera a ku Japan za chithunzi cha Watchdog, akuti galimoto ikadali ku okushoni sangaike OBD isanagulidwe. Ndiye ndigule mphaka m'thumba? Pa RAV4 timayeza ndi chani, pulogalamu ya Toyota ija ya Techstream?

Mdala wa ma Toyota: Hybrid wamba. Harrier ya 2020 ndili nayo pa yadi pompano, TT yosafunika.

Chemwali wa zamagetsi: Eee mdala, ndiye nkhani yake inali imeneyi?

Wa car hire ku Blantyre: Kodi BYD Sealion 6 zija zayamba kugulitsidwa ku Joni, alipo waitanitsapo? Batire lake ndi la mtundu wa LFP, akuti silidandaula kudzazidwa tsiku ndi tsiku.

Makaniko wa ku Biwi: Ikafa aikonza ndani? Ine scanner yake ndilibe.

Ejenti wa ku Songwe: Pepani kusokoneza, alipo ali ndi dalaivala amene akutsika ku Dar Loweruka? Ndili ndi Sienta ziwiri zangokhala, storage ikuwerenga.