Bass ikusowa pafoni koma mu minibasi ikumiza woyimba, ndithandizeni

Akuluakulu a m'gulu lino, makamaka inu opanga ma beat, ndabwera ndi funso. Ndimakhala ku Ndirande, ndimapanga nyimbo za amapiano pa pulogalamu ya pakompyuta ya FL Studio m'chipinda momwe ndimagonamo. Chandisautsa ndi bass. Pa ma headphone log drum, ng'oma ya bass ya amapiano ija, imamveka yonenepa bwino. Ndikatumiza nyimbo pa WhatsApp kwa woyimba, iye n'kumvera pafoni, amandifunsa kuti "aise, bass ili kuti?" Pafoni pamangomveka ma shaker ndi piyano. Nyimbo yomweyo itaikidwa mu minibasi ya ku Limbe yokhala ndi subwoofer pansi pa mpando, bass inachuluka mpaka mawu a woyimba osamvekanso.

Log drum ndimaitenga mu Fruity DX10, pansi pake ndimaikapo sine wave ya mu 3xOsc kuti ilemere (zonsezi ndi zida zopangira mawu za mu FL Studio). Nyimbo zambiri ndimaziika pa liwiro la 112 BPM (ma beat pa mphindi), mu key ya F kapena G. Ma monitor, masipika a mu studio aja, ndilibe, ndalama yake sinakwane. Anthu amene ndimawapangira nyimbo amamvera pafoni, ena m'mabala, ena m'maminibasi, ndiye ndikufuna bass yomveka konseko. Ndiyambire pati?

Wa ku Chilomoni:
Achimwene, foniyo sikunama. F wapansi amene mukumuimbayo ali pa 44 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mawu), G ali pa 49 Hz, ndipo kasipika ka foni sikangatulutse mawu otsika choncho ngakhale mutakweza bwanji. Sine wave ndi mawu amodzi okha, alibe ma harmonic, mawu ena okwera amene amatsagana ndi noti, pamwamba pake, ndiye akasowa asoweratu. Mukaipatsa saturation, kutanthauza kuipsereza pang'ono kuti isakhale yoyera, pamwamba pa 44 pamabadwa 88, 132, 176 mpaka m'mwamba, ndipo okwera kwambiri aja ndi amene foni imatha kutulutsa. Khutu la munthu likamva ma harmonic amenewa limadzazamo lokha noti yapansi ija, ngakhale sipikayo sinaitulutse. Gawani bass pawiri. Sub, sine yapansi ija, isiyeni yoyera, musaikepo kalikonse. Log drum ya DX10 ndiyo muipse ndi Fruity Waveshaper kapena Fruity Fast Dist, pang'onopang'ono, mukumvera pafoni panupo mpaka itayamba kuoneka mutu.

Wa ku Bangwe:
Zoona zimenezo, koma ine ndikukayikira kuti vuto la mu minibasilo likuchokera poika sine pansi pa log drum. Log drum ya DX10 ili kale ndi mawu apansi ake. Ziwirizi zikagwirizana phase, kutanthauza kuti mafunde ake akukwera ndi kutsika limodzi, bass imawirikiza, zikasemphana zimadyana, ndiye noti ina imaphulika ina n'kufooka. Tsegulani Parametric EQ 2 pa log drum, dulani zonse za pansi pa 100 Hz kapena 120 Hz, malo amenewo akhale a sine yekha. Onaninso michira ya manoti. Noti ikamalira ina italowa kale, pansi pamachita matope. Yatsani Cut itself pa channel kuti noti yatsopano izidula yakale, kapena fupikitsani release, mchira wa notiwo.

Mayi wa zokuzira mawu, Zingwangwa:
Ine ma beat sindipanga, ntchito yanga ndi kuika masipika m'maukwati ndi m'zinkhoswe, ndiye nyimbo zanu ana inu zimadutsa m'manja mwanga sabata ndi sabata. Zimandiwawa nyimbo yabwino ya mwana wa konkuno ikafika pa sub yanga n'kumangoti buu, ine n'kutsitsa, anthu n'kukhala pansi. Bass yapansi ikhale mono, yofanana kumanzere ndi kumanja, mwanawe. Ma sub ambiri timawalumikiza mono, ndipo ukaitambasula stereo mbali ina imatha kufafaniza inzake. Chinanso, usadandaule kwambiri za ma monitor. Funde la mawu a 50 Hz ndi lalitali pafupifupi mamita 7, ndiye m'kachipinda ka mamita atatu bass imachuluka pakona n'kuchepa pakati, ma monitor okha sangakupulumutse. Tenga nyimbo ya amapiano imene umaidziwa kuti imagunda bwino paliponse, iike mu project yako, utsitse volume yake ifanane ndi yako, kenako uyerekeze pa SPAN ya Voxengo, pulogalamu yoonetsa kuchuluka kwa mawu apansi ndi apamwamba, ndi yaulere. Ndikuganiza kuti upeza sub yako yakwera kuposa yawo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri amayi, ndi inu achimwene nonse. Za mono ndi SPAN ndichita usiku uno magetsi akakhalapo. Koma a ku Chilomoni ndi a ku Bangwe, pa log drum ndiyambe ndi EQ yodula pansi kenako saturation, kapena saturation kaye?

Wa ku Bangwe:
Saturation kaye, chifukwa ma harmonic amachokera ku mawu apansi omwewo, mukawadula poyamba ndiye palibe chopsereza. EQ ibwere pambuyo. Kick nayo muiike sidechain ndi Fruity Limiter kuti sub izitsika pang'ono kick ikagunda. Mukamaliza tumizani masekondi 30 muno timvere pamafoni athu.