Funso langa lija la Dark layankhidwa

Abale a kuno ku Harare, paja ndinafunsa kuti zikutheka bwanji kuti Mikkel, kamnyamata ka mu 2019, akhale bambo ake a Jonas mu Dark, sewero la pa TV la ku Germany la anthu oyenda m'nthawi. Achimwene ena a ku Mabvuku anandilangiza kuti ndisiye kuloweza nkhope, ndizilemba zaka. Ndinatenga kalendala yakale n'kulemba kuseri kwake 1953, 1986, 2019. Zonse zatalikirana zaka 33! Mikkel analowa m'phanga la ku Winden, tawuni ya m'seweroli, n'kukatulukira mu 1986, osabwereranso. Anakulira komweko dzina lake litasanduka Michael, n'kukwatira Hannah, amene anadzabereka Jonas. Chozunguza mutu n'choti wopita kukaletsa tsoka ndi yemwenso amaliyambitsa, ngati momwe anachitira Jonas kwa bambo akewo. Sizoni yachitatu sindinayambe, chonde musandiululire.